Chitini cha maruble ochokera ku Russia: kodi muli chuma?

Funso: Achimwene anga anakhala zaka 6 ku Russia akuphunzira za udokotala, ndipo pobwera anabweretsa chitini cha mkaka chodzaza ndalama zachitsulo za kumeneko. Anangondipatsa kuti ana azisewera nazo. Sabata yatha ndinaona kanema pa Facebook wonena kuti ndalama zina za ku Russia zimagulidwa mamiliyoni. Zina zili ndi mbalame ya mitu iwiri, zina munthu wokwera hatchi, zina n'zamitundu iwiri ngati K10 yathu yakale ija. Ndingadziwe bwanji zamtengo wapatali? Kodi ndizitsuke kaye kuti ziwale? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo poti ndilo lachangu. Musatsuke ndalamazo. Musazikweche ndi phulusa, mchenga, mandimu, mankhwala otsukira mano kapena waya wotsukira mapoto. Ndalama yotsukidwa imaoneka yowala kwa inu ndi ine, koma wogula akangoiika pansi pa galasi lokuzira zinthu amaona timizere tambirimbiri, ndipo mtengo umagwa pompo. Kuda kuja kumene mukukuona ngati litsiro, kwa iye ndi umboni woti ndalamayo palibe anaiseweretsa.

Tsopano ndinene mosapsatira mawu: n'kutheka kuti m'chitini monsemo mulibe ngakhale imodzi yoti ingakugulireni thumba la feteleza. Russia ndi dziko la anthu oposa 140 miliyoni, ndipo ndalama zogulira buledi ndi zolipirira basi amazisula mwaunyinji wosaneneka. Zimene achimwene anu anabweretsa ndi chenje cha m'sitolo, chimene munthu amangoponya m'chitini madzulo akamakhuthula m'thumba. Komabe kanema munaonayo sananame zonse. Pakati pa chenje chomwecho pali zaka zingapo ndi zizindikiro zingapo zimene osonkhanitsa ndalama amazifunafuna, ndipo kusiyana kwake ndi zinzake n'kochepa kwambiri moti munthu wosadziwa angagulire machesi ndalama yoti ikanalipira fizi. Choncho kufufuza m'chitinimo si kutaya nthawi, bola mudziwe choyang'ana.

Yalani nsalu patebulo pafupi ndi zenera, khuthulani zonse, ndipo muyambe kuzipatula potengera chaka. Zimene zili ndi nyundo ndi chikwakwa komanso zilembo СССР ndi za nthawi ya Soviet Union, imene inatha mu Disembala 1991. Zambiri mwa izo, makamaka za m'ma 1980, zilipo zochuluka ngati mchenga, ngakhale makopek (matambala a kumeneko) 5, 15 ndi 20 a chaka cha 1970 ndi osowa ndithu. Zimene zalembedwa 1992 ndi 1993 zili ndi manambala akuluakulu, 20, 50, 100, ndipo zimanyenga anthu ambiri. Zinasulidwa pa nthawi imene mitengo ya zinthu inkakwera tsiku ndi tsiku dziko litangosintha. Pa 1 Januwale 1998 boma linachotsa maziro atatu pa ndalama zake, maruble 1,000 akale n'kukhala ruble imodzi yatsopano, ndendende zimene anzathu a ku Zambia anachita ndi kwacha yawo mu 2013. Ndiye ndalama yolembedwa 100 ya 1993 ija inasanduka makopek 10 basi, ndipo lero sigula kanthu. M'gulu limeneli ingoyang'anani chimodzi: maruble 50 amitundu iwiri olembedwa 1993. Amitundu iwiri ambiri ndi a 1992. A 1993 amayenera kukhala achikasu okhaokha, ndiye amitundu iwiri a chaka chimenecho ndi osowa kwambiri.

Mulu waukulu udzakhala wa ndalama zoyambira 1997 kubwera kuno, zimene zikugwirabe ntchito mpaka lero. Zinalowa m'manja mwa anthu mu 1998 ngakhale zoyambirira zinalembedwa 1997. Ruble imodzi ndi makopek 100, monga kwacha ndi matambala.

Munthu wokwera hatchi uja mumamupeza pa makopek 1, 5, 10 ndi 50. Ndi George Woyera akubaya chinjoka ndi mkondo, yemwenso ali pa chizindikiro cha mzinda wa Moscow. Sanamuikepo mwangozi. Dzina loti kopek limagwirizana ndi mawu a Chirasha otanthauza mkondo, chifukwa timakobidi tasiliva timene tinayamba kusulidwa mu 1535, pa nthawi ya Elena Glinskaya, mayi ake a mfumu Ivan IV, tinali ndi munthu wa pahatchi atanyamula mkondo. Ife tinatchula ndalama yathu yaing'ono tambala n'kujambulapo tambala. Iwo anachita zofanana ndi mkondo wawo pafupifupi zaka mazana asanu zapitazo, ndipo sanausiye.

Mbalameyo ndi chiwombankhanga cha mitu iwiri, chimene mafumu a ku Moscow anayamba kugwiritsa ntchito pa nthawi ya Ivan III, kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Apa ndi pamene ine ndimakondapo, chifukwa ziwombankhanga za m'chitini mwanu si zofanana. Tengani ruble ya 1998 ndi ya 2016 kapena chaka china chapambuyo pake, muziike moyandikana. Cha pa yakaleyo chilibe chisoti kumutu, mapiko ake ndi ogwera pansi, zikhadabo zake sizinagwire kalikonse. Chimenecho anajambula ndi Ivan Bilibin mu 1917, mfumu Nicholas II itangotula pansi udindo, pamene boma longogwirizira linkafuna chizindikiro chopanda zaufumu. Banki yaikulu ya Russia inachitenga kukhala chizindikiro chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chinakhala pa ndalama zaka zoposa 20. Kuyambira 2016 anaikapo chiwombankhanga cha boma: zisoti zachifumu zitatu, mapiko otambasukira m'mwamba, ndodo yachifumu kuphazi lina, mpira wokhala ndi mtanda kuphazi linalo, pachifuwa chishango chokhala ndi wokwera hatchi yemwe uja. Pamwamba analembapo dzina la dziko. Anthu ena akaona chopanda chisoticho amayesa kuti apeza cholakwika chosowa. Ayi, zonse zakale zili choncho. Palinso kusintha kwina kwakung'ono: mpaka 2001 dzina la banki pansi pa mbalameyo linkalembedwa mowongoka, kuyambira 2002 linapindika ngati uta.

Chimene muyenera kuphunzira kwenikweni ndi chizindikiro cha fakitale yosulira ndalama. Mafakitalewa alipo awiri, onse pansi pa kampani ya boma ya Goznak. Ya ku Saint Petersburg inakhazikitsidwa ndi Peter Wamkulu mu 1724 ndipo ili m'kati mwa linga la Peter and Paul. Ya ku Moscow inayamba mu 1942, nkhondo ili m'kati. Pa makopek yang'anani pansi pa chiboda chakutsogolo chimene hatchi yakweza: mupeza М ngati ndi ya ku Moscow, kapena С-П ngati ndi ya ku Saint Petersburg. Pa maruble yang'anani pansi pa phazi la chiwombankhanga lomwe lili kudzanja lanu lamanja. Pali kachizindikiro kakang'ono ngati njere ya mawere, ka zilembo zolukanalukana, ММД kapena СПМД. Ndi maso okha n'kovuta. Jambulani ndi foni n'kukuza chithunzicho. Pa ndalama za 1992 ndi 1993 za ku Saint Petersburg mupeza Л kapena ЛМД, kuchokera ku dzina lakale la mzindawo, Leningrad.

Pezaninso maginito. A m'sipika ya wailesi yakufa amakwana. Maruble 1, 2 ndi 5 akale sakokedwa ndi maginito chifukwa ndi a mkuwa wosakaniza ndi nikelo, ndipo maruble 5 akale mukawayang'ana cham'mbali muona mzere wofiira wa mkuwa uli pakati. Mu 2009 anasintha n'kuyamba kusula ndi chitsulo wamba chokutidwa, chotchipa, chimene chimamatirira ku maginito. Makopek 10 ndi 50 anasintha kale mu 2006, ndipo m'mphepete mwake munachoka timizere n'kukhala mosalala. Maginito sakuuzani kuti ndalama ndi yodula, koma amathandiza kugwira yabodza: ya ruble 1, maruble 2 kapena 5 yolembedwa 2003 ikamamatira, yakayikitsa kale.

Tifike pa zaka. Mu 1997 ndi 1998 anasula zochuluka kwambiri moti kwa zaka zingapo sipanafunikenso zina, ndipo mpata umenewo ndi umene unabala ndalama zosowa. Lamulo losavuta kuliloweza ndi ili: maruble 5 wamba okhala ndi chaka chilichonse kuyambira 1999 mpaka 2007, aikeni pambali. Kusula kwaunyinji kunayambiranso mu 2008. A 1999 ndi osowa kwambiri moti odziwika ndi owerengeka ndi zala. A 2002 anangotuluka m'timapaketi ta osonkhanitsa. A 2003 a ku Saint Petersburg, pamodzi ndi ruble 1 ndi maruble 2 a chaka chomwecho, anasulidwa pafupifupi 15,000 pa mtundu uliwonse, chaka chimene mzindawo unkakwanitsa zaka 300, ndipo anadzalowa m'chenje cha anthu wamba. Amenewa ndi amene munthu angawapezedi m'chitini, ndipo amagulidwa maruble masauzande ambiri iliyonse. Koma chenjerani: makopek a 2003 ndi wamba, alipo paliponse. Chaka chokha sichikwanira, chiyenera kugwirizana ndi mtundu wa ndalamayo.

Chaka cha 2001 ndicho chimene makanema a pa intaneti amakonda kukuwa. N'zoona kuti makopek 50, ruble 1 ndi maruble 2 wamba a 2001 ochokera ku Moscow ndi osowa koopsa, chifukwa sanatulutsidwe kuti anthu azigwiritsa ntchito. Vuto ndi loti chaka chomwecho kunatuluka ndalama zachikumbutso mamiliyoni: maruble 2 okhala ndi nkhope ya Yuri Gagarin, pokumbukira zaka 40 chiyendereni iye m'mlengalenga pa 12 Epulo 1961, ndi ruble 1 yokumbukira zaka 10 za mgwirizano wa mayiko omwe kale anali mu Soviet Union. Munthu amaona 2001 pa ndalama ya Gagarin n'kuyamba kuwerengera malata a nyumba. Yosowayo ndi yopanda chithunzi chilichonse chapadera, ya chiwombankhanga (kapena wokwera hatchi pa makopek 50) mbali ina ndi nambala mbali inayo. Ngakhale zili choncho, ya Gagarin musaitaye musanaitembenuze. Yang'anani mbali ya nambala 2: ngati palibiretu chizindikiro cha fakitale, ndiye mwapeza mtundu umene osonkhanitsa amaulipira bwino. Chimodzimodzi makopek 5 a 2002 ndi 2003 opanda chilembo pansi pa chiboda cha hatchi; a 2002 ndiwo osowa kuposa anzawo. Apa mpofunika maso enieni, chifukwa akathyali amapala chizindikirocho ndi kachitsulo n'kusalaza pamalopo, ndipo pansi pa galasi pamaoneka kadzenje kapena timikwingwirima.

Palinso ruble 1 ya 1997 ya ku Moscow yokhala ndi mkombero waukulu. Mbali ya nambala, mkombero wake ndi wotakata moti umadya nsonga ya tsamba lokongoletsa lija. Muike pamodzi maruble a 1997 onse amene muli nawo. Ngati ilipo, idzadzionetsa yokha.

Zamitundu iwiri zija, zachikasu kunja zoyera m'kati, ndi maruble 10 achikumbutso amene anayamba kutuluka mu 2000, pokumbukira zaka 55 chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 2002 anayamba mndandanda wa mizinda yakale, kuyambira ndi Derbent, Kostroma ndi Staraya Russa, ndipo mu 2005 wa zigawo za dzikolo, chilichonse ndi chizindikiro chake. N'zokongola, ndipo zili ndi kamatsenga kamene ana anu angakondwere nako: yang'anani m'kati mwa ziro wa nambala 10, mupendeketse ndalamayo pang'onopang'ono. Mbali ina muona 10, mbali inayo zilembo РУБ. Kameneka kaliponso pa maruble 10 achikasu ang'onoang'ono amene anayamba mu 2009 kuti alowe m'malo mwa yapepala. Zambiri mwa zamitundu iwirizi zinasulidwa 5 miliyoni kapena 10 miliyoni pa mtundu uliwonse, ndiye mtengo wake umangoposa pang'ono nambala yolembedwapo, ngakhale zoyambirira zosungidwa bwino zimakwerako.

Zitatu zokha ndizo zinapatuka, zonse za 2010, zonse za ku Saint Petersburg: ya Chechnya, ya Yamalo-Nenets ndi ya Perm. Ziwiri zoyambazo zinasulidwa 100,000 iliyonse, ya Perm 200,000. Osonkhanitsa a ku Russia amazitchula ndi dzina limodzi lachidule lochokera ku zilembo zoyamba za mayina atatuwo, ndipo aliyense wodzaza buku la zigawo amafika pokakamira pa mabowo atatu amenewa. Ine ndinapsapo apa. Tsiku lina ndinagula kathumba ka ndalama zosakaniza kwa munthu wina wogulitsa zakale, nditaona m'katimo ya 2010 yolembedwa НЕНЕЦКИЙ. Mtima unagunda, ndinalipira osanenerera n'komwe, kuopa kuti mwini wake angazindikire. Nditafika kunyumba n'kuiika pansi pa nyale, ndinapeza kuti mawu oti ЯМАЛО kutsogolo kwake palibe. Zigawozi ndi ziwiri zosiyana, Nenets ndi Yamalo-Nenets, ndalama zake zinatuluka chaka chimodzi, koma ya Nenets inasulidwa pafupifupi 2 miliyoni. Wogulitsayo sanandinamize; ndinadzinamiza ndekha powerenga theka la dzina. Ndimaisungabe m'kabati.

Popeza zitatuzi n'zodula, zabodza zake ndi zambiri pamsika. Yeniyeni imalemera magalamu 8.4, sikokedwa ndi maginito, m'mphepete mwake muli timizere ndi mawu akuti maruble khumi olembedwa kawiri, ndipo kamatsenga ka mu ziro kaja kamasintha bwinobwino. Pa zabodza zambiri kameneka kamakhala kosaoneka bwino kapena kamangoonetsa chinthu chimodzi. Sikelo ya osula ndolo ndi mphete ingakuthandizeni kuyeza.

Zina zonse zachikumbutso ndingozidutsa mwachangu, poti nkhani yake ndi imodzi: n'zosangalatsa kuziona koma n'zochuluka. Ruble ya 1999 yokhala ndi mlakatuli Alexander Pushkin, maruble 2 a 2000 a mizinda isanu ndi iwiri imene inalimba pa nkhondo, za 2012 zokumbukira zaka 200 chigonjetsereni Napoleon, ruble ya 2014 yokhala ndi chizindikiro chatsopano cha ndalamayo imene inasulidwa 100 miliyoni, maruble 25 a masewera a Olimpiki a ku Sochi ndi a mpira wa dziko lonse wa 2018. Mwa zimenezi, zopakidwa utoto zimene zikadali zomata m'kapepala kake ka ku banki ndizo zimakwerako. Zikangotulutsidwa m'kapepalako, mtengo umatsika. Zopaka utoto zina ndi anthu wamba anazipaka kuti agulitse kwa alendo, ndipo osonkhanitsa enieni amaziona ngati zowonongeka.

Mudzapezanso mwina ndalama zolakwika posula: mng'alu wotukuka wodutsa pankhope, chithunzi chotsetserekera mbali imodzi, kapena mbali ziwiri zosayang'anizana bwino. Kuti muyese chomalizachi, gwirani ndalamayo pamwamba ndi pansi ndi zala ziwiri, muizungulitse ngati mukutsegula chitseko. Pa ndalama za ku Russia mbali inayo iyenera kuoneka yoimirira. Ikakhala chadodolido kapena chopingasa, ilipo anthu oifuna. Koma yopindika, yobooka kapena yophwanyidwa ndi tayala si yolakwika posula, ndi yowonongeka basi.

Maonekedwe a ndalama amalamula mtengo kuposa mmene anthu amaganizira. Makampani oyesa ndalama monga NGC ndi PCGS amazipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70 n'kuzitsekera m'kabokosi kapulasitiki, ndipo mitengo yodabwitsa imene imalengezedwa ku okushoni nthawi zambiri imakhala ya ndalama zotsekeredwa choncho, zimene sizinayendepo m'thumba la munthu. Yanu yakhala ikugundana ndi zinzake m'chitini kuchokera ku Russia mpaka ku Zomba. Dziwaninso kuti mtengo umene munthu walemba pa intaneti pogulitsa si mtengo umene wina walipira. Aliyense akhoza kulemba miliyoni pa ruble ya 1998. Funso ndi loti kodi inagulidwa.

Mukapezadi yosowa, kugulitsa kwake kuli ndi zovuta zake. Mabanki ndi malo osinthira ndalama kwathu kuno salandira ndalama zachitsulo zakunja. Ogula ambiri a ndalama zimenezi ali ku Russia komweko, ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, kutumiza katundu ndi kulandira malipiro kuchokera kumeneko kwavuta chifukwa cha zilango za mayiko. Njira yapafupi ndi kudzera mwa achimwene anu ngati akadali ndi anzawo kumeneko, kapena mwa ogulitsa ndalama zakale odziwika a ku South Africa ndi ku Britain. Musanalankhule ndi aliyense, yerekezani ndalama yanu ndi zithunzi za pa Numista, tsamba la pa intaneti la osonkhanitsa ndalama, kapena pa tsamba la banki yaikulu ya Russia, pomwe amalemba kulemera, kukula ndi chiwerengero cha zachikumbutso zonse. Wina akakulemberani kuti agula chitini chonse pa mtengo wa galimoto koma muyambe mwatumiza kangachepe ka "kalata ya chilolezo" kapena ka mtengatenga, ameneyo ndi wakuba. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa.

Zimene mwapatulazo muzigwire m'mphepete, osati pankhope, ndipo iliyonse muikulunge payokha m'kapepala kouma, kutali ndi chinyezi cha m'khitchini. Mukafuna kuti wina azione, jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, ndalamayo itagona pansalu pafupi ndi zenera, osayatsa fulashi. Zotsalazo abwezereni ana, koma muyambe mwachotsamo kopek 1 ndi makopek 10 ngati pakhomopo pali wokwawa: kopek 1 ndi yaing'ono, mamilimita 15.5 okha, ndipo imalowa pakhosi mosavuta.